Ndeke ya ku Mangalande Sinyamula Chibwenzi

"Ameneyu ndi mkazi wanu?"

Mayi wa mu ofesiyo anafunsa osadzutsa mutu pa zimene ankalemba. Lighton anayang'ana Winfrida, Winfrida nayang'ana nsapato zake zoyera, zimene fumbi la Lusaka linali litazifiiritsa kale.

"Ndi amene ndidzamukwatire," anayankha Lighton.

"Sindinafunse za mawa, bambo. Ndafunsa za lero."

Chinali chaka cha 1973. Fakitale ya feteleza ya ku Kafue inali itasankha Lighton ndi anzake angapo kuti apite ku Mangalande, akaphunzire za makina ndi kugwirako ntchito zaka zingapo, kuti pobwera adzalowe m'malo mwa azungu amene ankabwerera kwawo. Kumeneko anali atamulonjeza kanyumba kakekake. Tsiku limene anamva nkhaniyo, anathamanga ndi ovololo ya kuntchito mpaka pakhomo pa atate a Winfrida, nkumuuza ali wefuwefu kuti, "Popanda iwe sindikwera ndeke." Mawu amenewo ndiwo anawafikitsa mu ofesi iyi, yopereka zilolezo zolowera m'dzikolo.

"Mkazi wa ukwati amayenda pa chilolezo cha mwamuna wake," anatero mayi uja. "Mungobweretsa setifiketi ya ukwati, nkhani yatha."

"Nanga ngati sitinakwatirane?"

"Pepala silidziwa chibwenzi, bambo. Wotomeredwa limamudziwa, koma mtsikanayu zaka zake sizinakwane. Atate ake asaine kuti avomera, ndipo mukangofika kumeneko muchite ukwati osachedwa. Kupanda apo adzamubweza."

Lighton anakanda m'mutu, nayamba kusonkhanitsa mapepala ake. Koma Winfrida sanadzuke pampando.

"Pepani, amayi," anatero ndi mawu otsika. "Nanga mtsikana wopita pa dzina lake yekha?"

Apa mpamene mayi uja anadzutsa mutu, namuyang'ana bwinobwino koyamba.

"Sukulu munafika nayo pati?"

"Fomu Firii. Ndinakhoza."

"Zipatala za kumeneko zimatenga atsikana ophunzira unesi. Pali mayeso ndi mafunso, ndipo ambiri amabwerera pakhomo. Koma imeneyo ndi njira yanu, si ya bambowa."

Pobwerera, basi yawo inadutsa pa Shimabala, pamene azimayi amagulitsa tomato ndi repu m'mbali mwa msewu. Ndiye Lighton anamugwira dzanja pansi pa chikwama, pomwe anthu sakanaona.

"Za unesizo ziiwale, Wini. Ukupita ngati mkazi wanga, osati ngati mwana wa sukulu. Lamlungu ndikalankhula ndi amayi."

Winfrida anangoyang'ana kunja pawindo.

*

Amayi ake a Lighton, amayi Olipa, anali mkazi wamasiye wa munthu wa ntchito ya njanji wochokera ku Katete. Lamlungulo Lighton anawapeza atakhala pakhonde ndi mlongo wawo, amalume Gershom, ndipo ananena za kumtima kwake zonse osazungulira. Anafuna kuti amalumewo apite kwa atate a Winfrida ngati nkhoswe, ndeke isananyamuke.

"Ine sindikumuda mwanayo," anatero amayi Olipa, akuyalula mpango pamiyendo ndi kuupindanso. "Nkhope ali nayo, ulemunso ali nawo. Koma kwawo nkuti? Ku Chanyanya, kumabwato. Atate ako anabwera kuno ndi njanji, koma mkazi anakamutenga ku Katete. Iwe ukadzamwalira, ana ako adzakulira m'chilankhulo chanji?"

"M'chilankhulo chimene adzakhale nacho, amayi. Dziko ndi limodzi tsopano."

"Zimenezo ukanene pa wailesi. Muno ndi m'nyumba mwanga."

Lighton anatembenukira kwa amalume ake. Iwo anavula chipewa, nachiyang'ana mkati ngati muli yankho.

"Mphwanga, ine ndine miyendo chabe. Pakamwa ndi mlongo wangayu. Akati pita, ndipita lero lomwe."

"Ndiye ndipita ndekha."

"Pita akakuseke," anatero amayi Olipa. "Mwamuna wodzifunsira yekha mbeta, ngati wakuba nkhuku."

Nthawi yomweyo nsalu ya pakhomo inasuntha, Agatha natulukira ndi thireyi ya tiyi. Agatha anali mwana wa mnzawo wa amayi Olipa wa kumudzi ndi kutchalitchi, ndipo ankagwira ntchito m'chipinda choyezera mankhwala pa fakitale yomweyo. M'nyumbayi ankalowa ngati kwawo. Anagwada patsogolo pa Lighton mwaulemu wonse, koma maso ake sanagwade.

"Muli shani, ba Lighton? Namvela ati kuja kumazizira maningi. Muzafunika munthu wokusamalani."

"Munthuyo ndili naye," anayankha Lighton, nadzuka, tiyi osamukhudza. "Amayi, ndidzabweranso Lamlungu, ndi Lamlungu linalo. Mudzatopa ndinu, osati ine."

*

Atate a Winfrida, ba Cephas, anasiya kupalasa bwato kalekale. Tsopano ankagula nsomba zouma kwa abale awo ku Chanyanya nkumabwera nazo panjinga ku msika wa Kafue. Winfrida anawapeza kuseri kwa nyumba akumata chubu cha njinga, atachimiza m'beseni kufuna pobooka. Anagwada chapatali nkuwafotokozera za pepala lofuna dzanja lawo.

Anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Mnyamatayo ndimamukonda. Akandipeza panjira amatsika panjinga. Koma mwana wanga si nsomba yoti munthu angoloza ndi chala padoko nkunyamula. Akwawo abwere pakhomo pano monga anthu amabwerera munthu. Asanabwere, dzanja langa silikhudza pepala limenelo. Ukakafika uko iye nkusintha maganizo, ndidzakafunsa kwa yani?"

Winfrida anagwedeza mutu movomera. Mumtima ankadziwa kuti atate ake sakulakwa.

"Nanga ndikapita pa dzina langa, atate? Kukaphunzira unesi?"

Ba Cephas anasiya chubu m'madzi. Amayi ake a Winfrida anamwalirira m'bwato, pakati pa mtsinje, mwamuna wawo akupalasa ndi mphamvu zonse kufuna chipatala. Nkhaniyi sinkakambidwa m'nyumbamo, koma tsopano inali itakhala pakati pawo ngati munthu wachitatu.

"Ukakhala nesi," anatero, "pepala limenelo ndisaina ndi manja onse awiri. Koma usandinamize. Ukutsata sukulu kapena ukutsata mwamuna?"

"Zonse ziwiri, atate."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mutu wa amayi ako weniweni. Pita ukayese."

M'mawa mwake Winfrida anakagogoda kwa ba Ferdinand, amene anamuphunzitsa Chingerezi ndi sayansi ku sekondale. Anali mphunzitsi wachinyamata, wosakwatira, mwini wa kanjinga kamoto kobiriwira kamene tauni yonse inkakadziwa kulira kwake. Anavomera kumukonzekeretsa mayeso madzulo aliwonse akaweruka, ndi kumuperekeza ku Lusaka tsiku la mafunso.

Za mayesowa Winfrida sanamuuze Lighton. Lightonyo anali atanena kale kuti aziiwale. Komanso Winfrida ankaopa chinthu chimodzi kuposa zonse: kulephera, nkhani nkufika m'makutu mwa amayi Olipa kuti mwana wa kumabwato anayesa kudumpha pomwe miyendo yake siifika.

*

Loweruka lina timu ya pafakitale inkasewera ndi ya njanji. Lighton anaima m'mbali mwa bwalo, maso ali pa mpira koma mtima uli kwina, pamene fungo la pafyumu linamupeza kuchokera kumbuyo.

"Lelo muli mweka, ba Lighton? Ba Winfrida bali kuti?"

"Ali kunyumba."

"Kunyumba?" Agatha anaseka pang'ono, akusenda lalanje ndi chikhadabo. "Mwandi, ine sinifuna kukamba va banthu. Koma imwe ndimwe ngati mlongo wanga, sinifuna bakusekeni kumbuyo."

"Lankhula zimene wabwerera."

"Ninamuona neka pa msewu wa Lusaka, pa mudududu, kanjinga kamoto kaja ka ba ticha Ferdinand. Atawagwira m'chiuno, mutu wasamira pamsana. Na kunyumba kwawo amayenda madzulo yonse. Funsani aliyense mu komboni."

"Bodza."

"Ngati ni bodza, mufunseni mwine wake kwamene enze pa Chitatu."

Anamusiyira theka la lalanje m'manja nkumapita, nsapato zake zazitali zikubooza fumbi.

Lighton sanafune kukhulupirira. Koma Lachitatu limenelo iye anapitadi kwa Winfrida nkumupeza kulibe, ndipo atamufunsa mawa lake anangoti anali kwa mnzake. Madzulo omwewo anazungulira njira ya kunyumba za aphunzitsi, nkuona kanjinga kobiriwira kataima panja, ndi nsapato zoyera zija zili pakhomo.

Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, Lighton ndi Winfrida ankakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa siteshoni. Lamlungu limenelo Winfrida anadikira mpaka mthunzi unasamukira mbali ina. Lighton sanabwere. Lamlungu lotsatira sanabwerenso.

*

Ku nyumba za anyamata osakwatira a pafakitale mtsikana wodzilemekeza sankapondako. Winfrida anapondako dzuwa likuswa mtengo, atavala diresi yake ya kutchalitchi. Anyamata amene ankachapa maovololo pampopi anasiya kuchapa. Amene ankasewera makhadi anaiwala makhadi m'manja.

Anagogoda, Lighton natsegula ali ndi vesiti yokha.

"Wini! Kuno ukufuna chiyani? Anthu akuona."

"Aone. Valani malaya, ba Lighton. Kapena mufuna tikambirane pano pomwe, onsewa akumva?"

Anayenda limodzi mpaka kumtsinje, pafupi ndi mlatho wa sitima. Madzi anali atatsika, udzu wa m'madzi ukuyandama pang'onopang'ono kulowera kumunsi.

"Ndalakwa chiyani?" anafunsa Winfrida.

"Ukafunse aphunzitsi ako. Ine ndikulimbana ndi amayi anga Lamlungu lililonse chifukwa cha iwe, iwe uli pakanjinga ka mwamuna wina, utamugwira m'chiuno!"

"Pa njinga yamoto munthu amagwira pati? M'makutu?"

"Usandiseke, Winfrida."

"Sindikusekani. Ndakwiya kuposa imwe. Mwamva za ine kwa munthu, mwaweruza, mwatseka mlandu, mwini wake osamufunsa. Ndi mmene mudzandisungire ku Mangalande, komwe ndilibe atate?"

Lighton anayang'ana kumadzi, Winfrida napitiriza.

"Ba Ferdinand amandiphunzitsa. Ku Lusaka anandiperekeza ku mafunso a unesi. Tinali atsikana odzaza khonde lonse, ena ana a mabwana, onunkhira sopo wa kunja. Anandifunsa chifukwa chake ndikufuna ntchitoyi, ndinawauza za amayi anga ndi bwato lija, m'Chingerezi changa chomwechi." Anamuyang'ana m'maso. "Andisankha, ba Lighton. Atate asaina kale. Ndikupita pa chilolezo changachanga."

Lighton anakhala pamwala.

"Akusankha?"

"Andisankha. Sindinakuuzeni chifukwa munati ndiziiwale, komanso ndinkaopa kulephera. Apo ndinalakwa, ndikuvomera. Koma inunso munalakwa kwanu."

Mnyamatayo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Atawachotsa, maso anali atafiira, koma ankaseka.

"Ine ndikugogoda pakhomo lotseka, iwe waboola khoma. Ndikhululukire, Wini. Ndinapusa."

"Wakuuzani ndani?"

"Zisiye."

"Sindikufunanso dzina. Pafyumu wake ndikumumva kuchokera pano."

Anakhala naye pamwala pomwepo nkumufotokozera zotsala. Sizinali zokoma zonse. Sukulu yake inkayamba mvula ikatha, pomwe ndeke ya Lighton inkanyamuka mvula isanagwe. Chipatalacho chinali mu mzinda wina, ulendo wautali wa pasitima kuchokera komwe Lighton akakhale, ndipo ophunzira ankagona m'nyumba za pachipatala pomwepo.

"Ndiye ndikapempha andisinthire ulendo," anatero Lighton. "Ndidikire, tikwere limodzi."

"Iyayi. Malo amenewo akuwalira anthu ambiri. Mukagwedezeka pang'ono, wina akhalapo. Pitani, mukaone njira za sitima, mukadziwe kogula malasha. Ine ndikupezani. Tikakakhala kumeneko tonse awiri, zaka zanga zitakwana, tidzalembera kuno kuti amalume apite kwa atate. Amayi anu sadzakana mpaka kalekale."

"Nanga akakana?"

"Adzakana nesi, osati mwana wa kumabwato. Tidzaona ngati pakamwa padzalimba chimodzimodzi."

Lighton anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamufinya dzanja mpaka Winfrida anati, "Mundithyola zala, nanga jakisoni ndidzabaya ndi chiyani?"

*

Okutobala anafika ndi dzuwa lake losungunula phula. Winfrida anaganiza zomulukira Lighton juzi yokhuthala yoti akavale potsika ndeke, ndipo Loweruka lina m'mawa analowa m'sitolo yaikulu ya nsalu pa msewu waukulu kukagula ulusi wa ubweya. Anasankha wofiirira, mtundu wa dothi la kumunda. Akudikira kuti amukulungire, anamva kuseka kumene ankakudziwa, kukuchokera kuseri kwa mashelefu.

Pagalasi lalitali panaima Agatha, atavala chikhoti chakuda chofika m'maondo, cha ubweya m'khosi, thukuta likutsika m'masaya. Patsogolo pake panali amayi Olipa, atawerama, akumumanga mabatani limodzi ndi limodzi ngati mwana wawo wobereka.

Winfrida anapinda maondo nkuwomba m'manja pang'ono.

"Mwauka bwanji, amayi?"

"Tauka," anayankha amayi Olipa, maso ali pa mabatani.

Agatha anatembenuka mbali iyi ndi iyo, akudziyang'ana pagalasi.

"Ba Winfrida! Mwabwela bwino. Nanga ichi chikhoti chaniyenela?"

"Kutentha konseku?"

"Kuno kwapya, koma kuja kumazizira." Anayang'ana ulusi umene unali m'manja mwa Winfrida, namwetulira. "Aa, mufuna kulukila ba Lighton? Mwachita bwino, mwandi. Ine nizaona kuti bavala masiku yonse."

"Mudzaona bwanji?"

"Sibanakuuzeni?" Agatha anagwira pakamwa ngati wadabwa. "Ku chipinda chathu cha mankhwala banafuna munthu mmodzi woyenda na gulu. Basankha ine. Ndeke imodzi, tauni imodzi. Ba mayo aba ndiye banati nigule chikhoti manje, nisakavutike."

Amayi Olipa anamanga batani lomaliza, naliphwasaphwasa ndi dzanja.

"Mwana wanga sadzakhala yekha kuchilendo," anatero, akulankhula ndi chikhoticho. "Mulungu amamva."

Winfrida analipira ulusi wake, natsanzika mwaulemu, natuluka osathamanga. Anayenda msewu wonse wa ku mafakitale wapansi, dzuwa likumuwotcha pamutu, nakaima pachipata mpaka belu la masana linalira. Anthu anatuluka ngati nyerere. Lighton atamuona anamwetulira, koma ataona nkhope yake kumwetulirako kunazima.

"Ba Lighton, funso langa ndi limodzi. Za Agatha munkadziwa?"

Lighton anayang'ana anzake amene ankadutsa, nayang'ana pansi.

"Wini, tiye tikakhale penapake."

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa." Mawuwo anatuluka ngati akuwazula ndi mizu. "Ndinaopa kuti ukamva utaya mtima pa zonse wakonzazi. Si ine ndinamusankha, Wini. Ndinayesa ngakhale kulankhula ndi abwana."

"Pali chinanso chimene mukuopa kundiuza? Nenani lero, ndisakachimve m'sitolo."

Lighton anayang'ana kumbali.

"Kanyumba kaja sikanakonzeke. Miyezi yoyamba gulu lonse tikakhala m'nyumba imodzi."

Winfrida anaima osagwedezeka. Malole a feteleza ankatuluka pachipata, fumbi loyera likugwera pa tsitsi lake, koma iye sanaphethire. Lighton anatambasula dzanja kuti amugwire, iye nabwerera m'mbuyo pang'ono, phukusi la ulusi atalikumbatira pachifuwa.

"Pamtsinje paja munandipempha chikhululukiro chifukwa chondikayikira," anatero pang'onopang'ono. "Nthawi yonseyo muli ndi chanu m'thumba."

"Ndikulumbira, kwa ine Agatha si kanthu."

"Musalumbire. Kwa amayi anu ndi kanthu, ndipo kwa iye mwini ndinu kanthu." Anapukuta fumbi pa phukusi lija ndi chikhatho. "Juziyi ndiluka, ba Lighton, ndipo muivala. Ndeke yanga sindiisiya chifukwa cha munthu wa chikhoti. Koma tsiku limene ndidzagogode pakhomo la nyumba imeneyo sindidzakuuzani. Ndidzabwera ndekha kudzaona amene akuichapa."